Umar ibn Abdul-Aziz, Khalifa Amene Adateteza Denga la Wangongole

KHUTBAH YOYAMBA

Matamando onse ndi a Allah, amene adatipatsa nyumba kuti zikhale malo athu opumira, natifunditsa denga pa nyengo ya mvula ndi ya chisanu. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Allah yekha, wopanda wothandizana naye, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere wa Allah zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira kufikira tsiku la chiweruzo. Pambuyo pa izi, abale ndi alongo athu m'Chisilamu, tikudzilangiza ife eni ndi kukulangizani inu kuti tiope Allah poyera ndi mobisika.

Lero tikumbukira moyo wa Umar ibn Abdul-Aziz, Allah amuchitire chisoni, khalifa amene adalamulira kuchokera ku Andalus mpaka ku Sind kwa zaka ziwiri ndi miyezi isanu yokha. Mwa zambiri zimene adachita, tasankhapo imodzi imene ikutikhudza ife a kuno ku Kalomwe. Abwanamkubwa ake adamufunsa ngati munthu wangongole amene ali ndi nyumba akuyenera kuthandizidwa ndi chuma cha Asilamu, kapena ayambe wagulitsa nyumbayo. Yankho lake silingamveke bwino tisanadziwe munthu amene adaliyankha.

Umar adabadwa cha m'ma chaka cha 61 cha Hijra, chomwe ndi cha m'ma 680 pa kalendala ya pa zipupa zathu. Adabadwira m'banja lachifumu la Banu Umayya. Bambo ake, Abdul-Aziz ibn Marwan, adali bwanamkubwa wa Egypt kwa zaka pafupifupi 20, ndipo adali m'bale wake wa khalifa Abdul-Malik. Mayi ake, Umm Asim, adali mdzukulu wa Umar ibn Al-Khattab, Allah asangalale naye. Motero mwa mwana ameneyu mudakumana mabanja awiri, la eni chuma ndi mpando, ndi la khalifa uja ankayenda usiku m'misewu ya Madina kumvetsera ngati pali mwana wolira ndi njala.

Bambo ake adamutumiza ku Madina kukaphunzira. Adaloweza Qur'an ali wamng'ono, nakhala pa mapazi a anthu ozindikira monga Salih ibn Kaysan ndi Ubaydullah ibn Abdullah. Bambo ake atamwalira, Abdul-Malik adamuitanira ku Damascus namupatsa mwana wake wamkazi, Fatima, kuti akhale mkazi wake. Tisaganize kuti Umar adali munthu wa chigamba kuyambira kale. Olemba mbiri amanena kuti pa unyamata wake ankavala nsalu zodula koposa, ankadzola mafuta onunkhira amene ankamveka iye atadutsa kale, ndipo ngakhale kayendedwe kake kadali kodziwika mumzinda wonse. Njala sadaidziwe, ndipo sadagonepo panja chifukwa chosowa pogona.

M'chaka cha 87 cha Hijra, chomwe ndi 706, khalifa Al-Walid adamuika kukhala bwanamkubwa wa Madina. Atangofika adasonkhanitsa akuluakulu 10 ozindikira malamulo a Chisilamu, pakati pawo Urwa ibn Az-Zubayr, Al-Qasim ibn Muhammad ndi Salim ibn Abdullah, nawapempha kuti asamulole kugamula nkhani popanda uphungu wawo, ndiponso kuti azimuuza za aliyense woponderezedwa. Pa nthawi imeneyo Iraq idali m'manja mwa Al-Hajjaj ibn Yusuf, amene dzanja lake lidali lolemera, ndipo anthu ambiri adathawa kwawo nakabisala ku Madina ndi ku Makka. Umar adawalandira. Adalemberanso khalifa za nkhanza zimene zinkachitika ku Iraq. Al-Hajjaj naye adalemba kalata yodandaula kuti adani ake apeza pothawira, ndipo m'chaka cha 93, chomwe ndi 712, Umar adachotsedwa pa udindo. Amene adaikidwa ku Makka, Khalid Al-Qasri, adatulutsa anthu a ku Iraq mumzindamo mokakamiza, naopseza aliyense amene angasunge munthu wa ku Iraq kapena kumuchititsa lendi nyumba. Umar adataya mpando wake chifukwa chokana kutsekera chitseko anthu othawa kwawo.

Adabwerera ku Syria nakhala mlangizi wa msuweni wake Sulayman, amene adalowa ukhalifa pambuyo pa Al-Walid. Sulayman atadwala kwa kayakaya ku Dabiq, m'mwezi wa Safar chaka cha 99, chomwe ndi 717, munthu wozindikira dzina lake Raja ibn Haywa adamulangiza kuti asiyire Asilamu mtsogoleri woopa Allah. Dzina la Umar litawerengedwa mumzikiti, iye adaoneka ngati munthu wolandira uthenga wa maliro. Adamubweretsera akavalo a khalifa, iye adawabweza nakwera chiweto chake chomwe. Adamuuza kuti akalowe m'nyumba ya khalifa, koma iye adakumbutsa anthu kuti m'nyumbamo mudakali banja la Sulayman, ndipo hema wake amukwanira kufikira iwo atasamuka pa nthawi yawo. At-Tabari adalemba nkhani imeneyi m'buku lake la mbiri. Tsiku loyamba la ulamuliro wake, mwini mphamvu zonse za dziko adagona m'hema kuti ana amasiye asathamangitsidwe m'nyumba manda a bambo awo asanaume.

Ntchito yake yoyamba idali kubweza zolandidwa. M'zaka zimene zidapita, akubanja lachifumu ndi abwanamkubwa adalanda minda ndi nyumba za anthu, ena ndi makalata okhala ndi chidindo cha khalifa. Umar adayambira m'nyumba mwake. Minda imene adaikayikira adaibweza ku Baitul-maal, nkhokwe ya chuma cha Asilamu. Mkazi wake Fatima, mwana wa khalifa ndi mlongo wa makhalifa, adamupatsa ufulu wosankha pakati pa miyala yamtengo wapatali imene bambo ake adamupatsa ndi kukhala naye m'moyo watsopanowu. Fatima adasankha mwamuna wake, ndipo ngakhale Umar atamwalira adakana kutenganso chumacho.

Tikuuzidwa kuti ataika Sulayman m'manda, Umar adafuna kupumula pang'ono, kuti milandu ya zolandidwa aiyambe pambuyo pa swala ya Dhuhur. Mwana wake wachinyamata, Abdul-Malik, adamufunsa ngati pali amene wamutsimikizira kuti afika nthawi imeneyo ali moyo. Umar adadzuka, nalamula kuti kulengezedwe kuti aliyense wolandidwa abwere. Padaimirira mkulu wina wa imvi wochokera ku Hims, amene sadali Msilamu, nadandaula kuti Al-Abbas, mwana wa khalifa Al-Walid, adamulanda munda. Al-Abbas adali pomwepo, ndipo adatulutsa kalata ya bambo ake yomupatsa mundawo. Umar adagamula kuti Buku la Allah liposa kalata ya Al-Walid, ndipo munda udabwerera kwa mwini wake. Sankaumiriza wosauka kubwera ndi umboni wochuluka, pakuti ankadziwa mmene anthu adalandidwira m'masiku apitawo. Ku Iraq kudabwezedwa zolandidwa mpaka nkhokwe ya kumeneko idauma, ndipo chuma china chidachita kunyamulidwa kuchokera ku Syria.

Tsopano tafika pa funso lija. Abu Ubayd Al-Qasim ibn Sallam, amene adamwalira m'chaka cha 224 cha Hijra, adasunga makalata a Umar m'buku lake lotchedwa Kitab Al-Amwal. M'menemo tikupeza kuti Umar adalamula abwanamkubwa ake kulipira ngongole za anthu olephera kulipira. Iwo adayankha kuti akupeza anthu angongole amene ali ndi nyumba, wantchito, kavalo ndi katundu wa m'nyumba, ndipo adafuna kudziwa ngati otere awerengedwe m'gulu la oyenera thandizo. Maganizo awo ngodziwika, pakuti ndi amene ambiri a ife timakhala nawo: munthu ali ndi nyumba ya malata, agulitse kaye, akatsala wopanda kanthu ndiye tidzamumvera chisoni. Umar adawayankha kuti Msilamu sangakhale wopanda nyumba yogonamo, womuthandiza ntchito, chokwera ndi ziwiya za m'nyumba, choncho ngongoleyo ilipidwe ndipo munthuyo atsale ndi zimene ali nazo. Kwa Umar, denga la banja silidali chuma choti wokongoza n'kuchiwerengera. Thandizo lidayenera kufika banja lidakali m'kati mwa nyumba.

Nzeru ya chigamulo chimenechi ikuoneka tikaganiza za mtengo wake. Banja limene lidakali m'nyumba lisowa chinthu chimodzi, ndalama yotsekera ngongole. Likatuluka panja lisowa zonse: pogona, pophikira, posungira mbewu, sukulu ya ana, ulemu wa mayi ndi mtima wa bambo wofunira ntchito. Ndalama imene ikadakwanira kupulumutsa mabanja khumi ali m'nyumba zawo siikwanira kudzutsa limodzi litagwa kale.

Buku lomwelo likusimba za kalata zimene adalemberana ndi Abdul-Hamid ibn Abdur-Rahman, bwanamkubwa wake ku Iraq. Anthu atalandira magawo awo, chuma chidatsala m'nkhokwe. Umar adalamula kuti afunefune aliyense amene adakongola popanda kusakaza kapena kupusa, amulipirire. Chidatsalabe. Adalamula kuti achinyamata ofuna kukwatira koma osowa mahari athandizidwe. Chidatsalabe. Adalamula kuti alimi amene afooka pa minda yawo abwerekedwe zowathandiza kulima, pakuti boma silikuwafuna kwa chaka chimodzi kapena ziwiri zokha. Kwa Adi ibn Artah, bwanamkubwa wa Basra, adalemba kuti okalamba osakhala Asilamu, amene mphamvu zawathera ndipo alibe popezera, apatsidwe zowakwanira kuchokera ku Baitul-maal.

Sadaiwale amene adali kale panja. Adakhazikitsa nyumba yodyeramo osauka ndi apaulendo, naletsa akubanja kwake kulawa chakudya cha m'menemo. Adalamula kuti wakhungu aliyense apatsidwe womutsogolera. Kwa woyang'anira dera la Samarkand adalemba kuti amange nyumba za alendo m'misewu, kuti wapaulendo asungidwe usana ndi usiku umodzi pamodzi ndi chiweto chake, wodwala asungidwe masiku awiri, ndipo amene kamba wamuthera apatsidwe zomufikitsa kwawo. Abdullah ibn Abdul-Hakam, wolemba mbiri ya moyo wake, adasimba za wotolera zakaat ku Ifriqiya, dera limene lero ndi Tunisia, amene adafunafuna wosauka woti amupatse koma osamupeza, mpaka adagula akapolo ndi ndalamazo nawamasula.

Abale ake a Banu Umayya sadakondwe, pakuti adawachotsera zimene adazolowera. Adamutumizira azakhali ake kuti akamufewetse mtima, koma sadasunthike. Thupi lake lidatha, ndipo munthu uja ankaona nsalu yodula ngati yokhakhala adatsala ndi mkanjo umodzi. Mlamu wake Maslama atamuzonda pa matenda ake omaliza, adapempha Fatima kuti amusinthe chovala chothimbirira chimene adavala, ndipo adauzidwa kuti china palibe. Maslama adamudandaulira kuti akusiya ana ake opanda chuma. Umar adawaitana anawo, adawayang'ana misozi ili m'maso, nawasiya m'manja mwa Allah, osawapatsa kanthu ka anthu ena. Adamwalira m'mwezi wa Rajab chaka cha 101, chomwe ndi 720, ku Dayr Sam'an m'dziko la Syria, ali ndi zaka pafupifupi 40. Malo a manda ake adachita kugula ndi ndalama zake kwa Akhristu eni malowo. Allah amuchitire chisoni ndipo atikhululukire ife ndi inu. Mpempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka kwambiri, Wachisoni chosatha.

KHUTBAH YACHIWIRI

Matamando ndi a Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo athu, kusowa pogona si nkhani yachilendo kwa ife a ku Angónia. Akuluakulu amene ali pa mzere woyamba muno akukumbukira zaka za nkhondo, pamene midzi yathu idatsala mabwinja ndipo anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi. A kuno tidangodumpha malire kulowa ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo anthu amene nawonso adali osauka adatipatsa pomanga zisakasa ndi potunga madzi, kufikira mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Amene adalandiridwa motero alibe chifukwa chotayira katundu wa mnzake pabwalo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lero kuno nkhondo kulibe, koma mabanja akutulukabe m'nyumba. Ana athu amapita ku Ulongwe, ku Tete, ku Moatize ndi ku Lilongwe kukafuna ntchito, ndipo kumeneko nyumba ndi ya lendi. Chiyambire kukumba malasha kwakukulu ku Moatize, lendi ya mumzinda wa Tete idakwera kuposa mphamvu ya munthu wa maganyu. Ntchito ikatha kapena matenda akalowa, miyezi iwiri ikwana kuti mphasa ndi miphika zipezeke panja. Ena mvula idawagwetsera makoma, monga mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana adaononga ngakhale mlatho wa pa Revúbuè. Kuno kwathu mlimi amakongola feteleza pa katapila atapinyolitsa nyumba kapena dimba, mbatatesi ikatsika mtengo wokongoza amabwera ndi loko. Pa chipata cha Kalomwe timaona apaulendo amene ndalama zawathera akugona m'makonde a masitolo, m'chisanu cha Juni chimene tonse tikuchidziwa.

Umar sadapeke lamulo latsopano. Surat At-Tawbah, ndime 60, ikutchula magulu 8 oyenera zakaat, ndipo pakati pawo pali angongole ndi apaulendo osowa. Surat Al-Baqarah, ndime 280, ikulamula wokongoza kudikira amene ali pa mavuto kufikira atapeza, ndipo ikuti kumukhululukira ndiko kwabwino koposa. Surat At-Talaq, ndime yoyamba, ikuletsa kutulutsa mkazi wosudzulidwa m'nyumba pa nthawi ya edda yake. Chimene Umar adachita ndi kutenga malamulo amene aliyense ankawawerenga ndi kuwasandutsa ndalama yolipidwa pa tsiku lake. Ifenso tingathe, aliyense pa mlingo wake.

Choyamba, titulutse zakaat yonse. Pa ndalama ndi katundu wa malonda amene wafika mtengo wa magalamu 85 a golide nakhala chaka chathunthu, ndi magawo awiri ndi theka pa 100. Pa chimanga cholimidwa ndi mvula, zokolola zikafika makilogalamu pafupifupi 653, omwe ndi pafupifupi matumba 13 a makilogalamu 50, ndi thumba limodzi pa matumba 10 alionse, ndipo pa chothiriridwa ndi ndalama ndi limodzi pa 20. Angónia ndi nkhokwe ya chigawo cha Tete. Matumba amenewa akadatuluka onse, palibe banja la mumzikiti uno likadagona panja chifukwa cha lendi ya miyezi iwiri.

Chachiwiri, komiti ya mzikiti ipatule gawo la angongole, ndipo ifunefune iwo monga Umar adalamulira, osadikira kuti afike pakhomo. Munthu waulemu wake amabisa ngongole mpaka tsiku lotulutsidwa. Amayi a m'madera mwathu amadziwa nyumba imene moto sukuyaka ndi imene mwini wake wabwera katatu kudzafunsa. Nkhaniyo ifike kwa akuluakulu awiri kapena atatu mwachinsinsi, iwo aone ngati ngongoleyo siidachokere ku juga kapena kusakaza, ndipo ndi chilolezo cha wangongoleyo akalipire okha kwa mwini nyumba. Dzina lake lisalengezedwe pa mimbari. Tisamufunse chifukwa chake sadagulitse njinga kapena makina ake osokera, pakuti zimenezo ndizo kavalo wake wa lero.

Chachitatu, kwa eni nyumba. Lendi ndi ufulu wanu, ndipo wokhala m'nyumba ya mwini amene ali nazo koma salipira ndi wopondereza. Tikudziwa kuti ena mwa inu ndi amayi amasiye amene zipinda ziwiri za lendi ndiwo munda wawo. N'chifukwa chake tikuti ngongole ilipidwe, kuti inu musataye ndipo iye asatuluke. Chimene tikukupemphani ndi ichi: musanachotse chitseko kapena kukhoma loko, bwerani kumzikiti mutipatse masabata awiri.

Chachinayi, kwa achibale a womwalira. Mkazi wamasiye akhale m'nyumba ya mwamuna wake miyezi 4 ndi masiku 10, ndipo pambuyo pake ali ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a chuma ngati pali ana, kapena limodzi mwa 4 ngati palibe, ndipo anawo ali ndi magawo awo. Amene amafika ndi ngolo pa tsiku lachitatu la maliro kudzasasula malata akumbukire hema wa Umar ku Dabiq.

Chachisanu, wapaulendo wosowa apeze mphasa, bulangete ndi nsima ya usiku umodzi pa mzikiti uno, ndi ndalama yomufikitsa kwawo. Pa sadaka yathu tisafunse chipembedzo kapena mbali ya malire imene munthu wachokera, pakuti amene adatilandira ife sadafunse.

Umar adapatsidwa miyezi 29 yokha, ndipo mwana wake sadamulole kudikira ngakhale mpaka Dhuhur. Amene akudziwa banja lotsala pang'ono kutulutsidwa aonane ndi akuluakulu a komiti lero lomwe tikangomaliza swala.

E Allah, tikhululukireni ife, makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi akufa. E Allah, lipirani ngongole za angongole, patsani pogona osowa pogona, sungani amasiye m'nyumba za makolo awo, ndipo fikitsani apaulendo kwawo mwamtendere. E Allah, fewetsani mitima ya okongoza, dalitsani minda ndi malonda a otulutsa zakaat, ndipo patsani atsogoleri a dziko lathu la Mozambique ndi a maiko oyandikana nafe mtima wa chilungamo. E Allah, monga mwatifunditsa denga pa dziko lino, tifunditseni mthunzi Wanu pa tsiku lopanda mthunzi wina. Ameen.

Imirirani tiswali, Allah akuchitireni chisoni.